KODI MUTSITSE LITI MTENGO WA NYUMBA YANU?

Anthu amagulitsa nyumba pa zifukwa zosiyanasiyana. Wina akusamukira ku Mzuzu. Wina akufuna fizi ya mwana. Wina wamanga nyumba ina pafupi ndi munda wake wa chinangwa. Koma kutchula mtengo ndi chinthu china, kupeza wogula ndi chinthu chinanso. Mwezi umatha, wina n'kuthanso, nyumba ili chiimire. Apa ndi pamene mtima umayamba kufunsa kuti, "Kodi nditsitse mtengo, kapena ndidikire?"

Funso limeneli si laling'ono. Mukatsitsa msanga, mwataya thukuta la zaka zambiri. Mukachedwa, nyumba imawonongeka ndipo ogula amaitaya mtima. Tiyeni tione bwino nkhaniyi.

YAMBANI MWAFUNSA: KODI VUTO NDI MTENGO?

Nthawi zina wogula sathawa mtengo ayi. Amathawa milandu. Nyumba zambiri za m'mbali mwa nyanja zili pa malo a makolo, amene amayang'aniridwa ndi mafumu. Nyumba ndi yanu, inde, koma nanga malo amene yakhalapo? Lamulo la malo a makolo linakhazikitsidwa m'chaka cha 2016, ndipo linakonzedwanso mu 2022. Musanaitane wogula, pitani kwa amfumu ndiponso ku ofesi yoona za malo ku boma la Nkhata Bay. Kafunseni ngati malowo angathe kupita m'manja mwa munthu wina, ndi njira yake. Safunsa anadya phula.

Funsaninso kubanja. Kodi akazi anu kapena amuna anu avomera? Ngati nyumbayo ndi ya masiye, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Kulanda chuma chawo ndi mlandu. Wogula wanzeru akamva kuti abale akukangana, amabwerera. Ngakhale mutatsitsa mtengo ndi theka, sangabwere. Konzani mlandu poyamba, za mtengo pambuyo.

MVERANI ZIMENE OGULA AKUKUUZANI

Tengani kope ndi pensulo. Lembani tsiku limene mwayamba kutsatsa nyumba. Munthu aliyense akabwera kudzaona, lembani tsiku, zimene wanena, ndi ndalama zimene watchula. Pakatha miyezi itatu, werengani kope lanu. Mudzapeza chimodzi mwa zinthu zitatu izi.

Choyamba: palibe amene wabwera. Apa musathamangire kutsitsa. Mwina anthu sakudziwa kuti mukugulitsa. Kodi mwalemba chikwangwani pamsewu? Kodi mwauza anthu kumsika wa Chintheche, kutchalitchi kapena kumzikiti? Kodi achibale a ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Joni mwawatumizira zithunzi pa foni? Ngati zonsezi mwachita koma kuli zii, ndiye kuti mtengo ukuopseza anthu asanafike n'komwe.

Chachiwiri: anthu akubwera, akuzungulira nyumba, n'kupita osabweranso. Afunseni mwaulemu kuti, "Bambo, chimene sichinakukomereni n'chiyani?" Mwina ndi mng'alu wa pakhoma, denga lodontha, kapena chimbudzi chakugwa. Ngati kukonza kuli kotsika mtengo, konzani. Thumba limodzi la simenti ndi laimu pang'ono zingapulumutse ndalama zambiri. Ngati simungathe kukonza, chotsani ndalama zokonzerazo pa mtengo.

Chachitatu: anthu atatu kapena anayi, osadziwana, atchula ndalama zofanana, zochepera pa mtengo wanu. Amenewa sanapangane. Akukuuzani mtengo weniweni wa nyumba yanu lero. Apa nthawi yotsitsa yakwana.

MALO NDIWO AMATCHULA MTENGO

Inu mumakumbukira njerwa zimene munawotcha ndi malata amene munagula limodzilimodzi. Wogula saziona zimenezo. Iye amaona msewu, madzi, magetsi, sukulu ndi chipatala.

Chintheche ndi Kande zili pa msewu wa tala wa M5, ndipo alendo okaona nyanja amafikako. Mpamba ili pa msewu wochokera ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu. Ku Usisya n'kosiyana. Anthu ambiri amafikako pa boti kapena pa sitima ya Ilala, pakuti msewu wotsika m'mapiri ndi wovuta, makamaka nthawi ya mvula. Tsono nyumba ziwiri zofanana, ina ku Chintheche ina ku Usisya, sizingagulidwe pa mtengo umodzi. Ogula a ku Usisya ndi ochepa, ndipo kudikira kwake n'kwakutali.

Musayerekeze nyumba yanu ndi malo ogona alendo a pamchenga. Musatengerenso mtengo umene mnzanu akuitanira, pakuti nayenso mwina sanapeze wogula. Funsani za nyumba zimene zinagulidwadi m'dera lanu chaka chino, ndi ndalama zimene mwini wake analandira m'manja.

Kumbukiraninso nyanja. M'chaka cha 2024 madzi a nyanja ya Malawi anakwera kwambiri. Nyumba ndi malo ogona alendo ambiri a m'mphepete mwa nyanja analowa madzi. Ogula sanaiwale. Ngati madzi anafika pakhonde panu, musabise. Chizindikiro chake chimaoneka pakhoma, ndipo anansi adzanena ndithu. Nenani zoona, ndipo mtengo ugwirizane ndi zoonazo. Ngati nyumba yanu ili pamtunda pomwe madzi sanafike, muuzeni wogula. Chimenecho ndi chifukwa chabwino chosatsitsira.

YANG'ANANI NYENGO

Ndalama zili ndi nyengo yake, monga usipa. Mu Januwale ndi Febuluwale anthu ambiri amakhala alibe ndalama. Zapita ku feteleza, ku chakudya ndi ku fizi. Ogula akasowa m'miyezi imeneyi, si chifukwa cha mtengo wanu. Dikirani anthu akolole ndi kugulitsa mbewu zawo. Mu Disembala namonso abale ogwira ntchito ku South Africa amabwera kudzacheza, ndipo ena amafuna nyumba kwawo kuno.

Koma nyengo ya ndalama ikadutsa yonse wogula osapezeka, ganizani bwino mvula isanayambe. Kuno ku Nkhata Bay mvula imagwa yambiri ndipo imachedwa kusiya. Nyumba yopanda munthu siichedwa kukalamba. Chiswe chimadya mitengo ya denga, udzu umamera pabwalo, ndipo akuba amazula zitseko ndi mawindo.

KUDIKIRA NAKONSO KUMADYA NDALAMA

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tiyerekeze kuti mukuitanira K6,000,000. Wogula wabwera ndi K5,500,000. Kusiyana kwake ndi K500,000. Inu mwakana, ndipo mwadikira chaka chathunthu.

Mlonda, K50,000 pa mwezi, miyezi 12: K600,000
Kukonza denga ndi khoma: K200,000
Zonse pamodzi: K800,000

Chaka chatha, ndipo mwagulitsadi pa K6,000,000. Chotsanipo K800,000. Zotsala ndi K5,200,000. Taonani! Mwalandira zochepa ndi K300,000 poyerekeza ndi zija munakana.

Koma ngati mukukhalamo nokha, kapena muli munthu wolipira lendi mwezi ndi mwezi, kudikira sikupweteka kwambiri. Werengani ndi manambala anu enieni, osati athuwa.

Palinso china. Mphamvu ya kwacha imasintha. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mitengo ya simenti, malata ndi zinthu zina inakwera. Tanthauzo lake ndi ili: ngati mtengo wa nyumba yanu wakhala womwewo chaka chonse pamene zinthu zikukwera, ndiye kuti watsika kale, ngakhale inu simunausinthe. Muuzeni wogula zimenezi pamene akunenerera. Ndipo musanavomere ndalama iliyonse, kafunseni mtengo wa lero wa chinthu chimene mukufuna kuchita ndi ndalamazo. Kugulitsa nyumba n'kulephera kumanga ina ndi tsoka lalikulu.

KATSITSIDWE KABWINO

Khalani pansi ndi banja lanu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Gwirizanani mitengo iwiri. Woyamba ndi woitanira, umene mudzauza anthu. Wachiwiri ndi wotsiriza, umene simungatsike kupyola pamenepo. Wachiwiriwu ndi chinsinsi cha m'nyumba.

Mukatsitsa, tsitsani kamodzi, ndipo kutsikako kuoneke. Kuchotsa pang'onopang'ono sabata iliyonse kumaphunzitsa ogula kudikira. Amati, "Musiyeni, atsitsanso." Mukatero, lengezaninso ponseponse, ndipo yambani ndi anthu aja munawalemba m'kope. Amene anatchula ndalama yabwino ndiye woyamba kumuimbira foni.

Musauze wogula mavuto anu. Akadziwa kuti muli ndi ngongole kapena matenda pakhomo, adzakufinyani. Chenjeraninso ndi madobadoba. Ena amakuuzani kuti mutsitse, koma kwa wogula amatchula mtengo wokwera, n'kudya zapakati. Onanani ndi wogula maso ndi maso, ndipo malipiro a mkhalapakati mugwirizane poyamba.

MUSATSITSE NGATI

Mwangoyamba kutsatsa masabata ochepa apitawo.
Wogula ndi mmodzi yekha ndipo akukufulumizitsani kuti musaine lero lomwe.
Simunadziwe kumene inu ndi ana mudzagona mukagulitsa.
Vuto lanu ndi la ndalama zochepa, zoti lendi kapena banki m'khonde ingathe kukuthandizani.

Pa zinthu zotere, kuona maso a nkhono n'kudekha.

MUKAGWIRIZANA, LEMBANI

Mtengo watsopano ulembedwe papepala, m'manambala ndi m'mawu omwe. Ngati wogula adzalipira pang'onopang'ono, lembani masiku ake ndi ndalama za tsiku lililonse. Pakhale mboni za mbali zonse ziwiri, ndipo amfumu adziwe. Ndalama zambiri zotere ndi bwino zidzere ku banki. Makiyi muwapereke ndalama zonse zikatha.

Kale mukadadinda chala pa pepala losadziwa zimene likunena. Tsopano mumatha kuwerenga. Werengani nokha mzere uliwonse, ndipo muwerenge maziro a nambala ija kawiri musanalembe dzina lanu.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Tchulani zinthu ziwiri zimene zingathawitse wogula ngakhale mtengo uli wabwino.
2. N'chifukwa chiyani nyumba ya ku Usisya ndi ya ku Chintheche zimasiyana mtengo?
3. Munthu akuitanira K4,000,000. Watsitsa ndi K350,000. Kodi mtengo watsopano ndi ndalama zingati?
4. Kodi kwanuko anthu amakhala ndi ndalama m'miyezi iti?
5. Lembani chikwangwani chachifupi chotsatsira nyumba.