Nkhunda yoyera ija, nanga omanga ali kuti pa chithunzi?

Makilomita 16 kum'mwera kwa mzinda wa Tucson, ku Arizona m'dziko la America, kuli tchalitchi choyera mbee chimene anthu adachipatsa dzina loti Nkhunda Yoyera ya m'Chipululu. Dzina lake lenileni ndi San Xavier del Bac. Alendo amakhamukirako tsiku ndi tsiku, aliyense kamera m'manja, ndipo ambiri amabwerako ndi chithunzi chimodzimodzi: nsanja ziwiri, khomo losemedwa mwaluso, thambo lopanda mtambo. Munthu mulibemo. Ine ndikuti chithunzi chotere, chikongole bwanji, chimabisa eni nkhani.

Tiyambe ndi mbiri, abale anga. Wansembe wa gulu la maJesuit, Eusebio Kino, adafika pamalowa m'chaka cha 1692, nthawi imene mfumu ya ku Spain inkati dera lonselo ndi lake. Sadapeze tchire ayi. Adapeza anthu a mtundu wa O'odham akulima m'mbali mwa mtsinje wa Santa Cruz, ndipo mawu oti Bac adachokera ku Wa:k, dzina la mudzi wawo. M'chaka cha 1751 a O'odham ena adaukira atsamundawo, umboni woti sikuti zonse zinali myaa. Mu 1767 mfumu Carlos III idapirikitsa maJesuit m'maiko ake onse, ndipo chaka chotsatira ansembe a gulu la maFranciscan adalowa m'malo.

Tchalitchi chimene chilipo lerochi adayamba kuchimanga mu 1783, ndi ngongole ya mapeso 7,000 yochokera kwa mwini ng'ombe wina wa ku Sonora. Ntchito idaima mu 1797, nsanja imodzi isanathe, ndipo ikadali choncho. Mabuku amatchula ansembe Velderrain ndi Llorens kuti ndiwo adamanga. Chabwino. Nanga adaumba njerwa ndani? Adawotcha laimu ndani? Adakwera nazo pamwamba dzuwa lili phwee ndani? Anali a O'odham. Mbendera zidasintha, ya Spain, ya Mexico mu 1821, ya America mu 1854, koma iwo sadasunthe. Mpaka lero tchalitchichi chili pa nthaka yawo ndipo amapempheramo.

Kwa ofuna kujambula, zimene ndidaona ndi izi. Masana makoma oyerawo amathobwa m'maso, chithunzi chimatuluka chotuwa. Nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, pamene mithunzi imaonetsa zosema za pakhomo. Chakum'mawa kuli kaphiri. Mukakwerapo mumaona tchalitchi chonse pamodzi ndi chipululu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'kati ndiye muli nkhani ina. Makoma adzaza zithunzi ndi ziboliboli za oyera mtima. Pali chiboliboli chogona cha Francis woyera chimene anthu amabayapo tizizindikiro ta mapemphero awo, wina kupempherera mwana wodwala, wina kuthokoza. Apa mpamene ulemu wa mlendo umayesedwa. Ndidaona ena akuphanitsa magetsi a kamera pafupi ndi agogo amene adagwada, ngati akujambula nyama kumalo osungira nyama. Kodi mungakondwe munthu atakutolani chithunzi muli pakati podandaulira Mulungu za matenda a mwana wanu? Ine kamera yanga idalowa m'chikwama kufikira agogowo atatuluka.

Panja, pansi pa zisakasa, a O'odham amakazinga buledi wophwatalala, msuweni wake wa mandasi, n'kumagulitsa kwa alendo. Inu a pamsika mukudziwa kuwawa kwake: mlendo aima patsogolo pa benchi yanu, akujambulani, aseka, n'kuchoka osagula ngakhale kanthu kamodzi. Chithunzi chanu chikakongoletsa nyumba yake, inu mwatsala ndi katundu. Njira yake ndi yapafupi. Perekani moni, gulani, chezani, kenaka pemphani. Akakana, basi, mwakhuta buledi.

Pali phunziro linanso m'makomamo. Okonza ena a m'mbuyomu adamata simenti poganiza kuti ndiye kulimba. Simentiyo idatsekera chinyezi m'kati, njerwa n'kuyamba kuwonongeka. Bungwe la Patronato San Xavier, limene lidakhazikitsidwa mu 1978, lidatsogolera ntchito yoichotsa n'kubwerera ku nzeru zakale: laimu, mchenga ndi madzi olenda a kakitasi. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri ochokera kunja adatsuka zithunzi za m'katimo, n'kuphunzitsa lusolo a O'odham ena. Ntchito idabwerera m'manja mwa zidzukulu za omanga.

Tisaseke a ku Arizona okha. Kuno ku Blantyre tili ndi St Michael and All Angels, chomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Dzina limene limatchulidwa ndi la David Clement Scott. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo njerwa zija adaumba ndi kusanja ndi makolo athu.

Tsono inu ophunzira, tsiku limene mudzaime patsogolo pa mishoni yakale, kaya ndi kamera kaya ndi foni, nsanja jambulani ndithu. Koma mukatero tembenukani, mufunse kuti eni malo ndani, ndipo ngati alola, nawonso alowe pa chithunzi.