KHOMO LA SUKULU LATSEGUKA, KOMA ANA ENA AKALI KUBUSA

Kwa zaka zambiri, kholo la kumudzi likafunsidwa cifukwa cimene mwana wake wakhalira pakhomo anzake ali kusukulu, yankho linali limodzi: kusowa kwa ndalama. Yankho limeneli linatha mphamvu mu Januwale 2022, pamene Boma la Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, linathetsa malipiro m'masukulu a Boma, kuyambira ku sukulu za ana ang'onoang'ono kufikira Giredi 12.

Ulendo umenewu unayamba kale. M'caka ca 2002 Boma la malemu a Levy Mwanawasa linacotsa malipiro kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 7, koma ana ambiri osauka anali kulekezera pamenepo cifukwa sekondale inali yolipira. Lero msampha umenewo wacotsedwa, ndipo ndalama za mayeso nazo sizifunidwanso kwa makolo.

Ana anabwerera mwaunyinji, kotero kuti zipinda zinacepa. M'masukulu ena mphunzitsi mmodzi anapezeka ndi ana opitirira 100, ambiri a iwo atakhala pansi. Pofuna kucepetsa bvutoli, Boma linalemba nchito aphunzitsi opitirira 30,000 m'caka ca 2022. M'caka comweco thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense. Ndalama zimenezi ndi zimene zigula madesiki, kumanga zipinda, ndiponso kulipirira ana osauka amene aphunzira m'masukulu ogonera komweko.

Kusintha kwina kunadza mu 2025, pamene ndondomeko yatsopano ya maphunziro inayamba kugwira nchito m'sukulu za ana ang'onoang'ono, mu Giredi 1 ndi mu Fomu 1. Mwa ndondomeko imeneyi pulaimale idzakhala ya zaka 6 m'malo mwa 7, ndipo dzina la Fomu, limene akuluakulu alikumbukira bwino, labwereranso ku sekondale. Colinga cake ndi cakuti mwana atuluke m'sukulu ndi luso limene angadye nalo, monga ulimi, ukalipentala kapena kusoka, osati kungoloweza mau a m'buku.

Komabe zonsezi sizingathandize mwana amene safika pasukulu. M'maboma a Katete, Sinda, Chadiza ndi Petauke mukali anyamata amene atha zaka akuweta ng'ombe za eni, poyembekezera kulandira ng'ombe imodzi pamapeto pake. Mnyamata wotere pobwera kucokera kubusa amakhala atakula, ndipo acita manyazi kukhala m'kalasi limodzi ndi ang'ono ake. Ng'ombe ija ikhoza kufa ndi matenda m'dzinja limodzi, koma umbuli ukhala naye kufikira ukalamba.

Atsikana nawo ali ndi msampha wao, umene ndi ukwati wa ubwana. Makolo ayenera kudziwa kuti lamulo la maukwati linasinthidwa mu 2023, ndipo ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa, ngakhale ukhale wa mwambo. Mafumu akuluakulu, monga Kalonga Gawa Undi wa Acewa, akhala akudzudzula mcitidwe umenewu. Ndiponso kuyambira 1997 mtsikana amene watenga pathupi ali pasukulu aloledwa kubwerera akabereka. Kholo limene limtsekera pakhomo limlanda cinthu cimene Boma linampatsa.

Nzoona kuti mtolo sunatheretu. Yunifomu, makope ndi zolembera zikali pamapewa a makolo, ndipo ana ena ayenda mtunda wautali, kuoloka mitsinje yodzala nthawi ya mvula. Koma mtolo umenewu ndi wopepuka pouyerekeza ndi wa kale, pamene banja linali kugulitsa mbuzi kapena matumba a cimanga kuti mwana alembe mayeso.

Akale anati mutu umodzi susenza denga. Boma lasenza mbali yake pocotsa malipiro. Mbali yotsala ili kwa makolo ndi nyakwawa za midzi: kusinthana akuluakulu pa ubusa wa ng'ombe, kufika pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, ndi kufunsa makomiti a citukuko m'mawodi mmene ndalama za CDF zayendera. Mudzi umene udzawerenga ana ake m'mawa uliwonse, monga uwerengera ng'ombe zake madzulo, ndiwo udzadya zipatso za sukulu yaulere.