Mudzatopa wa ku Mabvuku, Gawo 6: Nyerere Zabweranso

Amene munayamba kale kusonkha za chipepeso, bwezani ndalama zanu m'thumba. Galu wathu Mudzatopa sanafe. Ndikulemba pano wagona pamapazi anga, akununkha ngati thumba la matemba.

Mukukumbukira pamene tinasiyana. Malume anamubaya insulini asanadye, galu n'kuyamba kudzandira ngati wochokera ku bawa ya pa Kamunhu, kenako khu! pakhomo, miyendo ikunjenjemera. Agogo anamupaka uchi pa usinini, ndipo patapita kamphindi anadzuka n'kuyamba kunyambita mbale. Pofika madzulo nkhani inali itadutsa Mabvuku yonse mpaka ku Tafara, yakuti nkhalamba ya ku Nyasaland ija yaukitsa galu wakufa.

Ine ndinati basi, zavuta zatha.

Ndinadzinamiza.

Lachiwiri m'mawa ndikupita kukataya phulusa kuseri, ndinaona mzere wakuda ukuchokera pansi pa durawall kulowera pa mtengo wa mango, pamene Mudzatopa amakonda kukodza. Nyerere. Zomwe zija zinayambitsa nkhani yonseyi mu Gawo 1. Inu akale mukudziwa tanthauzo lake: shuga akadzadza m'magazi impso zimalephera kumubweza, amatayikira mumkodzo, ndipo nyerere sizifuna dokotala kuti azidziwitse. Shugayo potuluka amakoka madzi, ndiye galu amakodza pafupipafupi, n'kumamwa ngati wabwereka mmero.

Kwina kumwa madzi si mlandu. Kuno ndi mlandu. Mpopi wathu unasiya kutulutsa madzi ine ndisanamere ndevu, pano timangoyanikapo nsanza. Dontho lililonse limabwera pamutu kapena pa wilibala kuchokera ku mjigo, umene anzathu kuno amati chibhorani. Azakhali atapeza chigubu cha malita 5 chatsala pang'ono kutha dzuwa lisanafike pamutu, anagwira m'chiuno.

"Ine ndikaime pamzere kuyambira 4 koloko, kuti ng'ombe yanuyi izimwa?"

"Si ng'ombe," anatero Agogo osatukula mutu. "Ndi galu wa malemu amayi ako."

Mawu amenewa amatseka pakamwa aliyense pakhomo pathu. Dzina lenilenilo anamupatsa ndi malemu Agogo aakazi, poyankha amiseche a mumsewu muno. Zaka zapita, eni dzina anagona, koma amisechewo sanatope ayi. Pano akuti Mudzatopa si galu, ndi chikwambo, kachilombo kamatsenga kobweretsa chuma. Umboni wawo ndi utatu. Amabayidwa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo osaphonya. Amadya chakudya choyeza pa kapu pamene ana a anthu akudya mkute. Ndipo maso ake achita mbuu ngati mkaka, ati n'cholinga choti aziona mizimu. Imeneyo ndi ng'ala chabe, imene imagwira agalu ambiri a shuga chaka chisanathe n'komwe, koma kauzeni zimenezo amayi a pamzere wa mjigo. Ine funso langa ndi limodzi: chuma cha chikwambocho chili kuti, poti denga lathu likudonthabe?

Agogo sizikuwakhudza. Munthu amene anachoka ku Dedza ali mnyamata, kudutsa ku Tete, kudzaphikira azungu ku Highlands, n'kumatchedwa mubhurandaya moyo wake wonse chikhalirecho ku Blantyre sanapondeko, mungamuopseze ndi miseche? Masiku ano ali ndi yankho limodzi, limene analitola kwa adokotala. Amati insulini inapezeka mu 1921 ku Toronto, Banting ndi Best akuyesera pa agalu amene anawachotsa kapamba.

"Onse akubaya jakisoni ku tchalitchi kwathu aja ali ndi ngongole kwa galu," amatero. "Ine ndikungobwezako pang'ono."

Lachinayi tinapita kwa adokotala a ziweto. Kombi sinyamula galu, ndiye tinachita haya kagalimoto ka mushikashika, dalaivala akuyendetsa mphuno ili pawindo mpaka mumsewu wa Mutare.

Adokotala athu aja, mayi wachitsikana wa magalasi, anamubaya khutu n'kuyang'ana kamakina. Nkhope inasintha.

"Sekuru, shuga wakwera kwambiri. Mukumupatsa chiyani?"

"Chomwe munanena, mwanangu. Muyeso womwewo, nthawi yomweyo."

"Palibe amene akumuponyera sadza pambali?"

Agogo anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga.

"Jakisoni?"

"Mayunitsi 8 m'mawa, 8 madzulo, akatha kudya. Pano ndikubaya ndekha, malume ake a uyu ndinawachotsa ntchito."

Apa adokotala anakhala pansi n'kuyamba kutiwerengera adani a insulini, ndipo ndikuuzeni, thupi la galu lili ndi ndale kuposa msonkhano wa bungwe la maliro. Mdani woyamba ndi ukazi wake womwe. Galu wamkazi akamaliza nyengo yofuna amuna, kwa miyezi pafupifupi iwiri thupi lake limadzadza ndi homoni yotchedwa progesterone, kaya watenga bere kaya ayi, ndipo imeneyi imachititsa kuti insulini isamagwire bwino ntchito. N'chifukwa chake shuga amakonda agalu aakazi osatseketsa. Mankhwala ake ndi opaleshoni yochotsa chiberekero ndi mazira omwe.

"Nkhalamba ngati iyi ikufunanso amuna?" anadabwa Agogo.

"Galu sasiya, Sekuru. Si munthu."

Dalaivala wa mushikashika, amene anali pakhomo kudikira ndalama zake, anaseka mpaka kukhosomola.

Mdani wachiwiri ali ndi dzina la dokotala wa ku America, Harvey Cushing. Pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri ting'onoting'ono topanga homoni ya cortisol. Tikamapanga mopyola muyeso, galu amamwa kwambiri, amadya ngati wachokera kundende, mimba imalendewera, ubweya umathothoka mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo amapuma wefuwefu ngakhale kukuzizira. Choipa n'chakuti zizindikiro zake zimabisala kumbuyo kwa shuga, ndipo galu mmodzi akhoza kukhala nazo zonse ziwiri. Adokotala anamusisita m'nthiti, kumutsina khungu la pamimba, n'kunena kuti kuti adziwe zoona pafunika kuyeza magazi kangapo tsiku limodzi. Atatchula mtengo wake m'madola a ku America, ndinaona dzanja la Agogo likupita pathumba la malaya n'kukhala pomwepo ngati akuimba nyimbo ya fuko.

"Tisanafike kumeneko," anatero adokotala, "ndione botolo."

Ndinalitulutsa m'sokisi. Analikweza pa kuwala, kulipendeketsa, kulipendeketsanso.

"Munagula liti?"

"Lero ndi tsiku la 12," anayankha Agogo monyadira. "Ili ndiye lokhalitsa. Linzake lija silinachedwe."

Adokotala anatenga cholembera. Botolo la Caninsulin la mamililita 10 lili ndi mayunitsi 400. Pa tsiku timachotsa 16. Ndiye liyenera kutha m'masiku 25, ndipo pa tsiku la 12 liyenera kukhala pafupifupi theka.

Lathu linali pakhosi.

Ndinakumbukira nsupa ya mafuta ya mayi wamasiye wa ku Zarefati, koma adokotala sanali m'maganizo a Baibulo. Anati insulini imeneyi ikasakanizika imayera ngati mkaka. Yathuyi inali ngati tiyi wa pamaliro a munthu wosauka, woti ukayang'ana umaona pansi pa kapu.

"Sekuru, pali amene akupopa mankhwala n'kumathiramo madzi."

Chete.

"Ndipo ngati akudzibaya yekha, mukamuuze kuti akusewera paulimbo. Ya galuyi ili ndi mayunitsi 40 pa mililita, ya anthu ili ndi 100. Majakisoni akenso ndi osiyana, wa chivindikiro chofiira ndi wa chivindikiro cha olenji. Akasokoneza manambala, uchi sudzamupeza."

Pobwerera palibe amene anayankhula. Ine mutu unali pa firiji. Mukudziwa kuti chiyambire kuchepa kwa madzi ku Kariba magetsi kuno amabwera usiku ngati mfiti n'kuchoka tambala asanalire, ndiye botolo timasungitsa kwa amayi a takishopu, amene ali ndi sola. Malume atamva, sanadikire n'komwe kuti timalize.

"Ndinanena ine! Mayi uja amagulitsa chilichonse, ngakhale mthunzi wa ambulera."

Izi zikunenedwa ndi munthu amene anagulitsa wailesi ya Agogo ku Mbare n'kubwera kudzatithandiza kuifuna.

Tinapita. Amayi a takishopu anamvetsera mpaka kumapeto, akupukuta manja pa epuloni. Sanakalipe. Chimenecho ndiye chinandiopsa.

"Sekuru, ine firiji yanga ndi ya ma freezit ndi nkhuku. Mankhwala a imbwa yanu ndasunga miyezi itatu osalipiritsa. Lero ndasanduka mbava?"

"Sitinatero, amayi."

"Mwatero ndi maso. Koma musanabwere kuno, mukanayamba mwafunsa kunyumba kwanu kuti ndani amabwera masana kudzatenga botolo, n'kumati mwamutuma ndinu."

Agogo anagwira ndodo ndi manja awiri.

"Masana? Ndani?"

"Anandigwadira kuti ndisanene. Ine ndine wa chipostori, sindiphwanya lumbiro."

N'kutseka kawindo.

Ndalama ya botolo latsopano inachokera m'kachitini ka bungwe la maliro, nkhani imene ndikupemphani kuti isafike kwa a tcheyamani. Tinabwereka kabokosi kozizira, tikugula madzi oundana tsiku ndi tsiku, botolo lili m'sokisi kuti lisakhudze ayeziwo, pakuti insulini ikaundana yatha ntchito. Kabokosi kanaikidwa pansi pa kabati kukhitchini. Ine mwanzeru zanga ndinaba kyutekisi wa Azakhali n'kuika kadontho kofiira pamene mankhwala alekeza, osauza munthu.

Masiku awiri Mudzatopa anasintha. Chigubu chinayamba kufika madzulo. Pansi pa mango nyerere zinasamuka.

Ndiye ndinayamba kuyang'ana anthu a m'nyumba mwathu ndi diso la adokotala, ndipo abale, musadzayesere. Aliyense amaoneka wodwala. Malume amadzuka katatu usiku, koma munthu womwa masikadi awiri asanagone ungamuweruze bwanji? Azakhali masiketi akuwakhwepa, iwo akuti ndi kusala kudya kwa amayi a Chigwirizano. Ndi iwonso amene tsiku lina anafunsa, ngati mocheza, chifukwa chake galuyu sitingangomupatsa mapiritsi a metformin ngati anthu, ndipo nditawauza kuti kapamba wa galu wa shuga amakhala atasiyiratu kupanga insulini kotero mapiritsi sathandiza, anati "Ooo," nthawi yaitali kuposa mmene funso limafunira. Loja wathu wa chipinda chakuseri, mlonda uja, amagona masana onse ndipo amayenda ndi botolo la madzi ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Ngakhale mtsikana wa Azakhali wa Fomu 3 uja ndinamupeza akumwera pa chigubu penipeni.

Lamlungu m'mawa ndinatsegula sokisi. Tinali titabaya kasanu chiikireni kadontho kaja, ndiye mankhwala amayenera kukhala atatsika.

Anali pa kadontho penipeni.

Wakubayo anaona chizindikiro changa n'kudzazira mpaka pomwepo. Ulemu wake ndi umenewo.

Ndinatuluka kuti ndikapume mphepo kuseri, ndipo apo ndi pamene miyendo inandilemera. Mzere wakuda uja unali utabweranso. Koma sunapite pa mango. Unadutsa mtengo, kudutsa mulu wa nkhuni, n'kukathera pa kachidebe kobisidwa kuseri kwa chimbudzi, kamene munthu amagwiritsa ntchito usiku akaopa kutuluka panja.

Galu sakodzera m'chidebe.

Usiku umenewo ndinanamizira mutu n'kukagona msanga. Nyumba itazizira ndinakwawa mpaka kukhitchini, n'kulowa pansi pa tebulo, nsalu ya tebulo ikundibisa. Magetsi anali asanabwere. Udzudzu unandipeza msanga kuposa wakuba. Kuchipinda Agogo anali akuliza mkonono wawo uja womveka ngati chigayo cha dizilo. Mudzatopa anagona pa thumba lake pafupi ndi chitseko.

Sindikudziwa kuti ndinasinza kangati. Chimene chinandidzutsa ndi mchira.

Phu, phu, phu, pa simenti.

Galu ameneyu saona, koma mphuno yake sinakalambe. Mlendo amamuuwa asanafike pa geti. Malume amawalira m'mimba chiyambire tsiku la uchi lija. Mchira wotere, wogunda pansi thupi lonse likugwedezeka, amasungira anthu owerengeka.

Chitseko chinatseguka mosalira, ngati wina anathira mafuta pa mahinji. Mapazi opanda nsapato. Katochi ka foni kophimbidwa ndi chala. Kabokosi kanakokedwa, sokisi inavulidwa, ndipo ndinamva kaphokoso ka chivindikiro cha jakisoni. Kenako mpando unakokedwa, munthu n'kukhala, mawondo ake atatsala pang'ono kundigunda mphuno.

Anapuma mozama. Anayandikitsa jakisoni ku tochi, kuutalikitsa, kuuyandikitsanso.

Ndiye nsalu ya tebulo inatukulidwa pang'onopang'ono.

"Ndakuona kalekale," ananong'ona. "Tuluka undigwirire tochiyi. Maso anga sakuonanso manambala."

Kuchipinda, chigayo cha Agogo chinali chikugayabe.

Mawu amenewo ndimawadziwa chibadwire. Inunso mumawadziwa, anayankhulapo mu Gawo 2. Kafufuzeni nyuzi yanu yakale ngati simunakulungire matemba, tionana sabata yamawa.