Kuonera mbalame ku Chilwa wopanda legeni

Anzanga, ambirife mbalame timaidziwa ikakhala m'mbale. Ine kwathu ndi kufupi ndi dambo la Nyanja ya Chilwa, ndiye ndati ndikuuzeniko mmene munthu amaonera mbalame m'manja mulibe legeni.

Chilwa ndi nyanja yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala ndi Phalombe imangothiramo, n'chifukwa chake madzi ake amamveka kamchere. M'mbali mwake mwadzaza njedza, ndipo m'menemo ndi momwe mbalame zimabisala ndi kuswa. Mu 1996 nyanjayi inakhala yoyamba m'Malawi muno kulowa m'pangano la Ramsar, loteteza madambo ofunika padziko lonse.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena dzuwa likapendeka. Khalani pansi, dzuwa likhale kumsana, malaya oyera asiyeni kunyumba, pakamwa tsekani. Pakapita kanthawi mbalame zimakuiwalani. Dzina musalithamangire, yambani mwaona mlomo ndi miyendo. Kakowa miyendo yake ndi yaitali chifukwa amasaka ataima m'madzi. Mphipi amachita kumira, akavuuka n'kutera pachitsa atatambasula mapiko kuti aume. Kondisangalatsa ine ndi kambalame kofiirira ka zala zitalizitali, koyenda pamasamba oyandama ngati kali pamsewu. Mtundu umenewu wofungatira mazira ndi kulera anapiye ndi tambala wake. Anyamata, mwamva?

Zina si zathu tokha. Anamzeze ambiri amene timawaona m'dzinja amakhala atathawa chisanu ku Ulaya. Amafika cha mu Okutobala n'kubwerera cha mu Epulo.

Vuto limakula madzi akachepa. Mu 2018 mbali yaikulu ya nyanjayi inauma, ngati mmene zinachitikiranso mu 1995. Matemba akasowa, anthu amatembenukira kumbalame, ndipo ine sindiwanena chifukwa pakhomo pamafunika ndiwo ndi fizi. Koma kutchera misampha nthawi yoswa ndi kupha mbalame ndi mazira ake omwe.

Ndiye kuti ndidziwe ngati zikuchepadi, ndimawerenga. Kumapeto kwa kope langa lakale ndimalemba tsiku, mtundu wa mbalame ndi nambala yake, Loweruka lililonse, malo omwewo, nthawi yomweyo. Mukasinthasintha malo, manambala sakuuzani kanthu. Wofuna kuyesa abwere ndi pensulo, cholembera cha inki chimafufutika pepala likanyowa. Komanso tiziima pamtunda, madzi odekha aja mumakhala likodzo.