Kalata ya ngongole kapena ya kukhoti ikafika, musaibise

Ambiri mwa ife amene tikukhala ku England timaitana makolo kuti adzacheze kapena adzaone khanda. Mlendoyo akadwala n'kugonekedwa m'chipatala, pamabwera bilu imene banja silinaiyembekezere. Kuonana ndi GP komanso thandizo la ku A&E n'zaulere kwa aliyense, koma mlendo wa viza yongocheza akagonekedwa, chipatala chimamulipiritsa 150 peresenti ya mtengo umene NHS imawerengera. Ena chifukwa cha mantha amaponya kalatayo m'dirowa. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo ngongole nayonso siola.

Ngongole ya NHS ya £500 kapena kuposerapo ikatha miyezi iwiri osalipidwa, ndipo simunapangane njira yolipirira, chipatala chimadziwitsa a Home Office. Mayi kapena bambo anu akadzapemphanso viza, akhoza kukanidwa. Choncho imbirani ofesi yoona za odwala ochokera kunja pachipatalapo, mupemphe kulipira pang'onopang'ono, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe.

Kalata ya kukhoti

Amene muli naye ngongole, kaya ndi chipatala, banki kapena kampani ya foni, akhoza kukusumirani ku County Court. Mukalandira mapepala a mlandu, muli ndi masiku 14 oti muyankhe. Mungavomere ngongoleyo n'kunena ndalama imene mungakwanitse pamwezi, kapena mungaikane. Mukabweza fomu yosonyeza kuti mwalandira ndipo mukufuna kudziteteza, masikuwo amakhala 28.

Mukangokhala chete, khoti limagamula popanda kumva mbali yanu, ngakhale ndalamayo itakhala yolakwika. Chigamulochi chimatchedwa CCJ ndipo chimakhala m'kaundula kwa zaka 6. Pa zaka zimenezi zimavuta kupeza nyumba ya lendi, foni ya kontirakiti kapena ngongole yogulira nyumba. Mukalipira ndalama yonse mwezi umodzi usanathe, dzina lanu limachotsedwa. Mukalipira mochedwa, amangolemba kuti munalipira, koma dzinalo limakhalabe.

Mukapanda kulipirabe, khoti lingalamule kuti ndalama zizidulidwa kumalipiro anu, lingatumize anthu odzalanda katundu, kapena lingamangirire ngongoleyo kunyumba imene munagula. Ngongole wamba simangitsa munthu, koma khoti likakuitanani kuti mukafotokoze za ndalama zanu inu osapita, pamenepo mwanyoza khoti ndipo mukhoza kumangidwa. Ngati mapepala anapita kuadiresi yanu yakale, mungapemphe kuti chigamulocho chifafanizidwe pogwiritsa ntchito fomu ya N244, koma musachedwe.

Musasiye mankhwala chifukwa cha ngongole

Monga wa zamankhwala, izi n'zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri. Munthu wa ngongole amasowa tulo, BP imakwera, ndipo ena amayamba kudumphitsa mapilisi kuti akhalitse. Ena amachonga kuseri kwa pepala la mankhwala kuti ndi oyenera kulandira ulere pamene sali oyenera. Chindapusa chake chimafika £100, ndipo amawonjezera ina mpaka £50 mukapanda kulipira pa masiku 28. Funsani kufamase za satifiketi yolipiriratu mankhwala ya miyezi 3 kapena 12, kapenanso fomu ya HC1 ngati mumapeza zochepa. Amene amamwa mankhwala a shuga kapena a khunyu tsiku ndi tsiku ali ndi satifiketi yawo yolandirira mankhwala mwaulere, imene dokotala amasainira.

Thandizo lilipo

StepChange, National Debtline ndi Citizens Advice amalangiza za ngongole mwaulere ndiponso mwachinsinsi. Mlangizi wa ngongole akhoza kukulowetsani mu Breathing Space, ndondomeko imene imaimitsa chiwongoladzanja ndi kulanda katundu kwa masiku 60 pamene mukukonza kalipiridwe. Malamulowa ndi a makhoti a ku England ndi Wales, ndipo ku Scotland n'zosiyana.

Tsegulani kalatayo lero, onani tsiku lomaliza kuyankha, ndipo mukasamuka dziwitsani onse amene muli nawo ngongole adiresi yanu yatsopano.