Kodi mumadziwa? Ndodo ya hybrid imafuna kumenya chotsitsa

Mu 2009, Y.E. Yang wa ku South Korea anagonjetsa Tiger Woods pa mpikisano wa gofu wa PGA Championship ku Hazeltine. Pa dzenje lomaliza, mpira umene unakagwa pafupi ndi mbendera Yang anaumenya ndi ndodo ya hybrid. Ndodoyi ndi yosakaniza: mutu wake ndi wonenepa ngati wa ndodo ya wood, koma kutalika kwake n'koyandikira kwa ndodo ya iron.

Mutu wonenepawo ndi umene umapusitsa ambiri. Amaika mpira kutsogolo kwambiri, moyang'anizana ndi chidendene cha phazi lakutsogolo ngati akumenya ndi ndodo ya driver, n'kumayesa kuutukula. Zikatero ndodo imafika pansi isanakhudze mpira. Mwina imakumba dothi kumbuyo kwake, mwina imayamba kukwera n'kuugunda pamutu, mpirawo n'kumangogubuduzika pa kapinga.

Malo oyenera kuika mpira ndi kutsogolo pang'ono chabe kuchoka pakati pa mapazi, mwina masentimita 5. Menyani chotsitsa monga mumachitira ndi iron, thupi litalemerera phazi lakutsogolo pamene ndodo ikugunda mpira. Kukweza mpira si ntchito ya manja anu ayi. Kupendekeka kwa nkhope ya ndodo ndi kulemera kumene kuli kunsi kwa mutu wake zimachita zimenezo pazokha.

Mukamenya, yang'anani pansi. Kachibuma ka udzu kazizuka kutsogolo kwa pamene panali mpira, kakang'ono ndithu. Kakazuka kumbuyo, bwezerani mpirawo chapakati pang'ono.