Matenda oumitsa khosi sadikira kuti kuche

Ku Fingoè, likulu la boma la Maravia, munthu wodwala akhoza kufika pachipatala ndi miyendo yake. Koma wa ku Chiputo, Malowera kapena Chipera, kapenanso wa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, ulendo wake ndi wa njinga, ndipo m'dzinja mitsinje ikadzaza anthu ambiri amangoti tiyambe taona mawa. Pa matenda ena mawawo amafikadi. Pa matenda oumitsa khosi, mwana yemwe amasewera m'mawa angathe kumwalira pasanathe maola 24.

Ubongo wa munthu ndiponso mtsempha waukulu wa mu msana n'zokutidwa ndi timakungu topyapyala titatu, ndipo pakati pake pamayenda madzi oyera ngati a pakasupe. Tizilombo tikalowa m'madzimo timakunguto timatupa. Mutu umawawa koopsa, thupi limatentha, wodwala amasanza, safuna kuona kuwala, ndipo khosi limauma kotero kuti chibwano sichingafike pachifuwa. Kenaka amayamba kubwebweta, kugwidwa linjirinjiri kapena kukomoka.

Kwa makanda nkhani ndi ina, ndipo apa ndi pamene amayi ambiri amanyengeka, pakuti khosi la khanda kawirikawiri siliuma ayi. Mwana amangokana bere, amalira mofuula osatonthola ngakhale amubereke, kapena amangogona ali lefu. Liwombo limatukumuka m'malo mokhala see. Kumudzi ena amati ndi tsempho, ena amati wapita pansi ndi mdani, ndiye tsiku loyamba limathera kwa sing'anga kukatema mphini. Tsiku limenelo ndilo lomwe mankhwala akanagwira bwino ntchito.

Tizilombo take si ta mtundu umodzi. Toopsa kwambiri ndi mabakiteriya atatu otchedwa pneumococcus, meningococcus ndi Hib, amene amakhala m'mphuno ndi kukhosi kwa anthu ambiri osawadwalitsa, n'kumafala potsokomola ndi kuyetsemula. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mwa anthu 6 odwala mtundu wa mabakiteriyawu mmodzi amamwalira, ndipo mwa anthu 5 mmodzi amatsala ndi chilema. Meningococcus ndiye amabutsa miliri: m'zaka za 1996 ndi 1997 anadwalitsa anthu oposa 250,000 ndi kupha okwana 25,000 m'maiko a kuyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia. Dziko la Mozambique lili kunja kwa chigawo chimenecho, komabe matendawa alipo chaka chonse. Kachilombo ka chifuwa chachikulu nakonso kamakwera ku ubongo, kokhako kamadwalitsa pang'onopang'ono kwa masabata.

Vuto lina ku Maravia ndi loti malungo akafika ku ubongo amaoneka chimodzimodzi. Mwana wakomoka, thupi latentha, apima magazi apezamo malungo, basi aliyense n'kukhutira. Chonsecho m'dera la udzudzu wambiri mwana angathe kukhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi pomwe chomupha chili china. Kafukufuku yemwe Dr Terrie Taylor ndi anzake anafalitsa mu 2004 ku Blantyre anaonetsa kuti mwa ana 31 omwe anamwalira akuganiziridwa malungo a mu ubongo, 7 anafa ndi matenda ena.

N'chifukwa chake achipatala amapempha kutapa madzi a mu msana. Wodwala amagona chammbali atapinda mawondo, ndipo jakisoni wopyapyala amalowa m'chiuno, m'munsi mwa pamene mtsempha waukulu uja umathera. Amatenga madontho ochepa chabe, omwe thupi limabwezeretsa tsiku lomwelo. Madzi akatuluka a mbuu ngati otsukira mpunga, dokotala amadziwiratu kuti muli mabakiteriya asanapite nawo n'komwe kopimira.

Achibale ambiri amakana. Mbiri inafala kale, kuno ngakhalenso kutsidya ku Zambia ndi ku Malawi, yoti munthu akamuchotsa madzi a mu msana sachira. Mbiriyi ili ndi pomwe inachokera: odwala ambiri omwe amatapidwa madzi amakhala atafika mochedwa, matenda atakula kale, ndiye akamwalira anthu amaloza jakisoni. Koma amalume kapena agogo amene akukana pakhomo pa wodi amangochititsa kuti dokotala apereke mankhwala mongoganizira.

Mankhwala a mabakiteriya ndi jakisoni wa mu mtsempha, makamaka ceftriaxone, kwa sabata imodzi kapena awiri malinga ndi kachilombo kake. Madokotala sadikira zotsatira, akangokayikira amayamba. Mapiritsi ogula pamsika sathandiza, ndipo amasokoneza zopima. Wodwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha mu mzinda wa Tete.

Kwa akuluakulu, mtundu womwe watha anthu ambiri kum'mwera kwa Africa ndi wa cryptococcus, kachilombo ka gulu la nkhungu kopezeka m'dothi ndi m'zitosi za mbalame. Kamagwira amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV, makamaka omwe sakudziwa kuti ali nako kapena anasiya kumwa ma ARV. Mutu umawawa masabata awiri atatu, panado osamva. Apa ceftriaxone alibe mphamvu. Mu 2022 kafukufuku wa AMBITION, yemwe anachitika ku Malawi, Zimbabwe, Botswana, South Africa ndi Uganda, anasonyeza kuti botolo limodzi lamphamvu la liposomal amphotericin B, pamodzi ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, limachiza mofanana ndi njira yakale ya mabotolo a sabata yathunthu, ndipo siliwononga kwambiri impso ndi magazi. WHO inavomereza njirayi chaka chomwecho. Ngakhale ndi mankhwala otere, wodwala mmodzi mwa 4 anamwalirabe. Chosangalatsa n'choti kachilomboka kamaoneka m'magazi mutu usanayambe kuwawa, ndipo kupima kwake kumatenga mphindi zochepa. Pa mtundu umenewu kutapa madzi a mu msana ndi mankhwala pakokha, chifukwa kumachepetsa madzi omwe akupanikiza ubongo.

Mbali ya ana inapepukako ndi katemera. Dziko la Mozambique linayamba kupereka katemera wa Hib mu 2009, mkati mwa jakisoni woteteza matenda asanu yemwe khanda limalandira pa miyezi 2, 3 ndi 4, ndipo wa pneumococcus anabwera mu 2013. Onsewa ndi aulere ku sikelo. Mwana amene analandira jakisoni mmodzi yekha chifukwa amake anatanganidwa ndi kumunda sanatetezedwe mokwanira.

Wochira naye afunika kumuyang'anira. Chilema chomwe chimatsala kawirikawiri ndi kugontha, ndipo ena amatsala ndi khunyu kapena amavutika kuphunzira. Mwana wotere akabwerera kusukulu aphunzitsi amamuyesa wamwano poti sayankha akamuitana. Achipatala amalangiza kuti makutu ake apimidwe patangopita masabata ochepa atatuluka m'chipatala.